Ekizozi ya mota ikang'aluka pakhosi, yambani mwayang'ana kumbuyo

Mwa ekizozi zong'aluka za mota (njinga zamoto) zomwe zimafika pagalaji pathu kuno ku Ulongwe, zambiri zimang'aluka malo amodzi: pakhosi, pamene paipi yatuluka mu hedi (mutu wa injini) n'kuyamba kupindikira pansi. Mwini mota amaloza pamng'alupo n'kunena kuti, "Amisiri, ingowotchererani pompa, ndikuthamangira kumsika." Mmisiri akamvera n'kuwotcherera pompo basi, sipapita nthawi munthuyo abweranso, mng'alu wina utatseguka m'mphepete mwenimweni mwa powotcherera paja. Amayamba kudandaula kuti ntchito sinagwirike bwino, chonsecho vuto silinayambire pakhosi.

Pa mota zambiri zomwe zili m'misewu yathu, kaya ndi Lifo, Boxer kapena zina za injini yoyambira 100 mpaka 150 cc, ekizozi imagwidwa malo awiri okha. Kutsogolo kuli manati awiri omanga paipi ku hedi. Kumbuyo kuli bawuti mmodzi kapena awiri omangirira sayilensa (mbali yaikulu yakumbuyo yochepetsa phokoso) ku felemu, pafupi ndi popondera wokwera kumbuyo, ndipo pa mota zina bawutiyo amadutsa m'kalabala kochepetsa kunjenjemera. Kulemera konse kuli ku sayilensa. Bawuti wakumbuyoyo akamasuka, kapena kalabala kakadyeka, sayilensa imayamba kugwedera ndipo chotsala kuinyamula ndi khosi lija. Injini ya silinda imodzi imanjenjemera kale payokha. Onjezanipo misewu yafumbi yamakwinya ya kumidzi ya ku Domwe, Tsangano ndi Macanga. Chitsulo chotentha chikamapindika pang'onopang'ono uku ndi uku tsiku lonse chimatopa n'kuduka, monga momwe ana opanga magalimoto awaya amadulira waya popanda pulayala.

Choncho musanamasule kalikonse, injini ili yozizira, gwirani kumapeto kwa sayilensa ndi kuigwedeza m'mwamba ndi pansi, kenaka cham'mbali. Siyenera kusuntha ngakhale pang'ono. Ikasuntha, chotsani bawuti wakumbuyo muone bowo lake. Kawirikawiri mupeza kuti bowolo ladyeka, lasanduka lalitali, kapena khutu lachitsulo lomwe bawuti amagwira lang'aluka pamene linawotchereredwa ku sayilensa. Ambiri akataya bawuti panjira amamanga ndi waya kapena mphira wa chubu. Zimenezo n'zokufikitsani kunyumba tsiku limenelo, osati zoyenda nazo mlungu wonse, chifukwa waya amaletsa sayilensa kugwa koma saletsa kugwedera.

Katundu nayenso amapha ekizozi. Nyengo yokolola mbatatesi ku Tsangano ndi ku Angonia kuno, mota imodzi imasenza matumba awiri kapena atatu, ndipo thumba lolendewera kumanja limakhalira sayilensa. Likatero limaikankhira mkati, n'kuyamba kukhula nati wa tayala lakumbuyo kapena shoko. Thumbalo nalonso limasungunuka n'kumatirira pachitsulo. Mashoko akatha mphamvu mota imatsika, paipi n'kumagunda miyala ndi zitunda zapamsewu. Paipi yophwanyika pansi pa injini musaione mopepuka: pamene yafinyika utsi sudutsa bwino, pamatentha kuposa pena ponse, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Dzimbiri lenileni limachokera mkati. Petulo akapsa amatulutsa madzi, pafupifupi lita imodzi ya madzi pa lita imodzi ya petulo. Ekizozi ikatentha bwino madziwo amatuluka ngati nthunzi osaoneka. Koma m'mawa wa June ndi July kuno kumtunda, mota yongoyenda kuchoka kunyumba kufika pamsika n'kuzimitsidwa, sayilensa sinatenthe, ndiye nthunziyo imasanduka madzi n'kukhala pansi m'kati mwake, itasakanikirana ndi zotsalira za utsi zomwe zimadya chitsulo. N'chifukwa chake sayilensa imabowoka kunsi pomwe pamwamba ikunyezimira. Sayilensa zambiri zili ndi kabowo kakang'ono kunsi kotulutsira madzi amenewa. Kabowoko si vuto, musakatseke powotcherera. Kakatsekeka ndi matope katokoseni ndi kawaya. Matope akunja nawo, a nyengo yamvula, akauma pa paipi amasunga chinyontho, choncho muziwatsuka, koma ekizozi itazizira. Ndipo mota ikazimira pakati pa mtsinje sayilensa ili m'madzi, musailize pomwepo. Itulutseni, chotsani pulagi, kwezani tayala lakutsogolo kuti madzi atsike m'paipi, pondani kiki kangapo pulagi ili kunja, kenaka muone ngati oyilo sanasanduke woyererako.

Kupeza pomwe pakutuluka utsi sikufuna chida. Pomwe pakudontha pamakhala mwaye wakuda, kamzere kopyapyala kochoka pamng'alu kapena kozungulira pomwe paipi yalowa mu hedi. Lizani injini ili yozizira, mumve kaphokoso ka "tsi-tsi-tsi" koyenda limodzi ndi kugunda kwa injini. Pindani sanza, tsekani nayo kumapeto kwa sayilensa kwa masekondi awiri kapena atatu. Ekizozi yabwino imakankha sanzayo ndipo injini imafuna kuzima. Ikapitiriza kulira bwinobwino ndiye kuti utsi uli ndi njira ina, ndipo phokoso lake limakwera pomwe pali bowopo. Madzi a sopo opaka mwachangu paipi isanatenthe amachita thovu pamalo omwewo. Mota yomwe imaphulika "pha-pha-pha" mukatseka mafuta potsetsereka nthawi zambiri ikuyamwa mpweya pagasiketi, kamkombero komata pomwe paipi yalowa mu hedi. Phokoso la chitsulo chogubuduka m'kati mwa sayilensa ndi chigawo chamkati chomwe chathothoka, ndipo chikagona mopingasa chimatseka njira, mota n'kukanika kukwera mtunda. Mota yomwe yakhala nthawi yaitali osayenda, suzumirani kumapeto: mavu amamangamo nyumba zadothi.

Pali zina zomwe anthu amanamizira ekizozi. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa, vuto lili ku maring'i a pisitoni kapena ku timalabala ta mavalavu. Utsi wakuda ndi petulo wochuluka, yang'anani kabuleta, choko ndi sefa ya mpweya. Nthunzi yoyera ya m'mawa yomwe imatha injini ikatentha ndi madzi aja. Mukagula ekizozi yatsopano chifukwa cha utsi, utsiwo utulukanso mu yatsopanoyo.

Tsopano kumasula, ndipo apa ndi pamene ntchito yaing'ono imakula. Manati awiri a pa hedi amakhala pa masitadi, mabawuti opanda mutu omwe mbali ina inamangidwa m'kati mwa hedi. Masitadiwo ndi achitsulo, hedi ndi ya aluminiyamu, ndipo onse akhala akutentha ndi kuzizira, kuthiridwa matope ndi madzi kuchokera ku tayala lakutsogolo. Pa injini zing'onozing'ono zogona sitadi imakhala ya M6, nati wake wa sipanala 10. Pa zina zazikulupo imakhala ya M8, nati wa sipanala 12 kapena 13. Sitadi ya M6 ndi yopyapyala, mamilimita 6 okha, ndipo ikachita dzimbiri imaduka ndi dzanja limodzi.

Musathamange. Palani mazinga otsala kunja kwa nati ndi bulashi yawaya. Thirani WD-40, mafuta opopera ofewetsa dzimbiri, ngati palibe thirani dizilo kapena palafini, musiye kwa theka la ola, ndipo ngati dzimbiri ndi lambiri thirani madzulo mudzamasule mawa. Gwiritsani sipanala yozungulira kapena soketi yogwira mbali zonse 6 za nati. Sipanala yotseguka kukamwa imatsetsereka n'kudya makona. Menyani pang'ono pamutu pa nati kuti dzimbiri lisweke, mangitsani kaye pang'ono kwambiri, kenaka masulani. Nati akayamba kuyenda n'kulimbanso, bwererani, thiraninso mafuta, mupite mubwere mpaka atuluke. Mukamva sipanala ikuyenda mofewa koma nati sakusuntha pa mazinga, imani: ndi sitadi yomwe ikupotoka, yatsala pang'ono kuduka. Pamenepo tenthetsani nati yekhayo ndi moto wa gasi mpaka afiire, thanki ya petulo mutaichotsa kaye, kapena mudule natiyo m'mbali ndi kasowo n'kumung'amba ndi chezulo. Nati ndi wotchipa, mumutaye kuti mupulumutse sitadi. Yambani ndi manati a kutsogolowa bawuti wakumbuyo akadali womanga, kuti kulemera kwa sayilensa kusakokere masitadi.

Sitadi ikaduka koma kachidutswa katatsala kunja, mwayi ulipo. Ngati mazinga alipo okwanira, mangani manati awiri molimbanitsana, n'kumasula pogwira nati wamkati. Ngati katsala kochepa, ikani washala pakachidutswako, wotchererani washala ku sitadi, kenaka muwotcherere nati pamwamba pa washalayo. Kutentha kwa kuwotcherera kumathandiza kusweka kwa dzimbiri, ndipo chitsulo chosungunuka sichigwira aluminiyamu. Dikirani zizire pang'ono, thirani mafuta, masulani modekha. Njira imeneyi ndi yomwe ine ndimaidalira kuposa zonse, ngakhale nati atathothoka kawiri n'kufunika kuwotchereranso.

Yodukira m'kati ndiyo yovuta. Pafunika kubowola, ndipo kubowola chitsulo cholimba chozunguliridwa ndi aluminiyamu wofewa, msomali wobowolera umathawira kofewako. Ngati felemu ikukutchingani kuti simungaimike chobowolera molunjika, chotsani hedi yonse muigwirire pabenchi. Salazani pamwamba pa chodukacho ndi tupa, khomani kadontho pakati penipeni, yambani ndi msomali wa 3 mm. Yezani kuya kwa bowo la sitadi inayo, kulungani tepi pamsomali kuti musapyole. Kulitsani pang'onopang'ono mpaka 5 mm pa M6, kapena 6.8 mm pa M8, kenaka mudutsitse tapu (chida chodulira mazinga) ya M6 x 1.0 kapena M8 x 1.25 kuyeretsa mazinga. Tizida tolimba tomwe amagulitsa tozulira mabawuti oduka sindikulimbikitsani pa M6: tikadukira m'katimo, msomali wamba sungatibowole, ndipo hediyo iyenera kupita kwa a makina ku Tete kapena ku Moatize. Mazinga a mu hedi akadyeka, njira yabwino ndi kuikamo helicoil, kawaya kozungulira kolowa m'malo mwa mazinga, ya saizi yomweyo. Ena amakulitsa M6 kukhala M8. Zimatheka ngati pali nyama yokwanira kuzungulira bowolo, koma muyenera kukulitsanso bowo la chitsulo chopanira paipi. Chomwe muyenera kupewa ndi kuika bawuti wamba m'malo mwa sitadi. Akakhala wamtali amagunda pansi pa bowo asanapane paipi, mukakakamiza aluminiyamu amang'aluka. Komanso kumasula kulikonse kumadya mazinga a mu hedi, pamene sitadi imakhala malo amodzi, chodyeka ndi nati.

Ekizozi ikatsika, suzumirani m'bowo la hedi ndi tochi. Muli gasiketi, kamkombero ka kopa kapena ka waya wopanikizidwa, ndipo yakale imada n'kuphwatalala mpaka kuoneka ngati mbali ya hedi. Ndaona mota zambiri zili ndi magasiketi awiri, yatsopano itaikidwa pamwamba pa yakale, mwini wake akudabwa kuti utsi sukusiya kudontha. Itokoseni ndi sikuludiraiva yaing'ono, mosamala kuti musakande pokhalira pake, ndipo mupale mwaye wonse. Pa injini zogona za 50 mpaka 110 cc gasiketi imakhala ya mamilimita pafupifupi 32 kunja kwake, pa za 125 ndi 150 zoimirira pafupifupi 40, koma tengani yakaleyo popita kukagula. Gasiketi imagwira ntchito pophwatalala, ndiye yogwiritsidwa kale ntchito siimatanso bwino. Silikoni wamba pamenepa amapsa tsiku lomwelo.

Kuwotcherera kapena kugula ina? Gogodani sayilensa ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuzungulira bowo. Chitsulo chamoyo chimalira mwamphamvu, chodyeka chimalira mofooka ndipo chimalowa mukachikanikiza. Ngati ndi bowo limodzi kapena mng'alu pachitsulo cholimba, wotchererani. Ngati kunsi konse kwatsala kopyapyala, moto ukafikapo bowo limangokula, ndipo ndalama ya mmisiri kawiri kapena katatu ikwana kugula ina.

Powotcherera, ekizozi ichoke pa mota. Ndikudziwa kuti ambiri amawotcherera ili pomwepo kuti zifulumire, koma khosi lili pansi pa thanki ndi pafupi ndi kabuleta, ndipo magetsi a makina owotcherera amatha kupsereza CDI (kabokosi koyendetsa moto wa pulagi) ndi chowongolera magetsi a batire. Ngati palibiretu kuchitira mwina, monga pa sitadi yoduka ija, chotsani thanki, masulani batire, zulani mawaya a CDI, ndipo chopanira cha makina chigwire pafupi penipeni ndi powotcherera, osati kutayala.

Chitsulo cha ekizozi ndi chopyapyala, milimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ndodo za 2.5 kapena 3.2 mm zomwe amawotcherera mageti ndi mawindo zimachibowola nthawi yomweyo. Kuwotcherera kwa gasi ndiko koyenera. Ngati pali makina amagetsi okha, funani ndodo za 6013 za 2.0 mm kapena 1.6 mm, mutsitse moto kufika pakati pa maampeya 40 ndi 55, ndipo musakoke mzere wautali: dontho apa, dontho patsidya, kudikira kufiira kuthe, kenaka kulumikiza madonthowo. Musanayambe palani kunyezimira konse ndi dzimbiri mpaka chitsulo choyera chioneke, chala chimodzi mbali zonse za mng'alu. Pezani pomwe mng'alu wathera mbali zonse ziwiri, mubowole kabowo ka 2 kapena 3 mm pamapeto pake. Kabowoko kamaletsa mng'alu kupitirira pansi pa chowotchereracho. Pakhosi wotchererani ndi waya wachitsulo. Mkuwa ndi wabwino potseka timabowo ta pa sayilensa komwe sikutentha kwambiri, koma pafupi ndi hedi sukhalitsa. Chigamba chichoke pa ekizozi ina yakale kapena pa mgolo, chikhale chokulirapo kuposa bowo kuti chigwire pachitsulo chamoyo. Malata a denga ayi: ndi opyapyala kwambiri, ndipo utsi woyera womwe amatulutsa akapsa umadwalitsa mutu ndi kutentha thupi.

Khosi likaduka lonse, pali kanthu kamodzi komwe kamasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi yobwerera. Musalumikize zidutswa ziwirizo pansi mongoyerekeza. Mangani chidutswa chakutsogolo ku hedi, mangani sayilensa ku felemu, zikumane zokha pomwe zikufuna, lembani mizere iwiri kapena itatu yodutsa polumikizira ndi choko, kenaka mutsitse n'kugwiriza ndi madontho atatu potsata mizereyo. Yesaninso pa mota musanamalize. Paipi yolumikizidwa mokhota pang'ono imafuna kukankhidwa kuti bawuti wakumbuyo alowe, ndipo kukankhako kumakhalabe m'chitsulo mpaka ching'alukenso. Mukamaliza musaviike m'madzi, izizire yokha. Penti wamba amapsa, funani wolembedwa kuti amapirira madigiri 600.

Mukasankha kugula, nyamulani yakale kapena pitani ndi mota yomwe. Za mota zofanana maonekedwe zimasiyana m'zinthu zazing'ono: kutalikirana kwa mabowo awiri a pa hedi, kukula kwa kukamwa kwa paipi, kupindika kwake pansi pa injini, ndi pomwe khutu lakumbuyo lili. Onaninso kuti chopondera buleki ndi kiki zili ndi malo oyenda. Mota zina zatsopano zili ndi kapaipi kakang'ono kolowetsa mpweya pafupi ndi hedi, ekizozi yake isakhale yopanda polumikizira pake. Inyamuleni m'manja: pa ziwiri zofanana, yolemerayo ndiyo ya chitsulo chokhuthala. Igwedezeni, m'kati musalire kanthu.

Kumanga kuli ndi dongosolo lake. Ikani gasiketi yatsopano m'bowo, kadontho ka girizi kaigwire kuti isagwe. Pakani girizi wa kopa pa masitadi ngati mwamupeza, ndipo manati a mkuwa kapena a kopa ndi abwino kuposa achitsulo chifukwa sagwirana ndi dzimbiri. Pa injini zoimirira za mtundu wa CG (zotengera Honda CG), zina zili ndi tizitsulo tiwiri tatheka tokumbatira paipi pansi pa chopanira, muone momwe tinakhalira musanamasule. Lowetsani paipi, mangani manati awiri ndi zala zokha. Lowetsani bawuti wakumbuyo ndi kalabala kake, nayenso ndi zala zokha. Bawuti ameneyu alowe mosakakamiza. Akakana, kulitsani bowo ndi tupa kapena muike mawashala pakati, musakoke sayilensa ndi chitsulo. Zonse zikalendewera momasuka, yambani kulimbitsa kutsogolo, theka la kuzungulira uku, theka uko, kuti chopanira chitsike mofanana ndipo gasiketi iphwatalale mozungulira monse. Pa sipanala yoyezera kulimba, M6 imafuna 10 mpaka 12 Nm, M8 pafupifupi 20 Nm. Wopanda sipanala yoyezera agwire sipanala yaifupi pafupi ndi mutu wake, alimbitse ndi mphamvu ya dzanja lokha, osati ya phewa. Kampata kotsala pakati pa chopanira ndi hedi n'koyenera kukhalapo. Amene amalimbitsa mpaka kampatako katseke amapinda chopanira kapena kudula sitadi. Pomaliza limbitsani kumbuyo, ndi washala wa sipuling'i kapena nati wa pulasitiki m'kati kuti asamasukenso. Pukutani mafuta ndi zala pa paipi musanalize, chifukwa zikapsa zimasiya mabanga. Lizani, yendani pang'ono, siyani izizire kwathunthu, mulimbitsenso manati awiriwo, popeza gasiketi yatsopano imakhazikika ikatentha koyamba.

Anyamata ambiri onyamula anthu amachotsa zam'kati mwa sayilensa kapena kuidula, ati mota imveke patali ndipo ithamange. Phokoso limakweradi, koma kabuleta inachunidwa molingana ndi ekizozi yomwe mota inabwera nayo. Njira ya utsi ikatseguka kwambiri, kusakaniza kwa petulo ndi mpweya kumasokonekera, kawirikawiri petulo amachepa, injini imatentha ndipo mphamvu yonyamukira ndi katundu imatsika. Chizindikiro ndi paipi yosanduka buluu mtunda wautali kuchoka pa hedi, kapena yofiira usiku. Kabuluu kapena kachikasu kochepa pakhosi pokha si vuto. Injini yoziziritsidwa ndi mphepo ikamayenda motero, chotsatira ndi valavu yopsa kapena pisitoni yogwira. Kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina. Ulongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,200 pamwamba pa nyanja, pomwe mzinda wa Tete sufika mamita 200. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye mota yochunidwa kuti idye petulo wochepa kuno, ikatsika kudzera ku Mussacama ndi Moatize kukafika ku Zambezi, imakumana ndi mpweya wochuluka komanso kutentha kopitirira madigiri 40 mu October ndi November. Ikakhala kuti sayilensa ndi yobowola kale, ulendo umenewo ndi womwe umamaliza injini.

Mukasintha mtundu wa ekizozi, werengani pulagi. Ikani yoyera, C7HSA pa injini zogona zambiri kapena D8EA pa za mtundu wa CG, mpata wake 0.6 mpaka 0.7 mm. Yendani makilomita angapo pa liwiro lomwe mumayendera masiku onse, zimitsani, muichotse ikazizirako. Nsonga yake ikhale yofiirira. Ikayera mbee, petulo wachepa: tsitsani kachitsulo kogwira singano ya kabuleta mzere umodzi kuti singano ikwere, ndipo ngati ikuyerabe pa mafuta onse, ikani jeti yaikulu (kachitsulo kabowo kodutsa petulo m'kabuleta) yotsatira saizi. Ikada ndi mwaye wouma, petulo wachuluka. Kasikulu kochunira ka m'mbali kamasiyana: kakakhala mbali ya sefa ya mpweya, kulowetsa kumawonjezera petulo, kakakhala mbali ya injini, kutulutsa ndiko kumawonjezera. Musanakhudze kabuleta onetsetsani kuti gasiketi sikudontha ndipo mavalavu ali ndi mpata wake, chifukwa valavu ya utsi yothina nayonso imatenthetsa paipi.

Eni mota zosakaniza oyilo ndi petulo, monga Yamaha DT, vuto lawo ndi lina. Ekizozi yawo sichita dzimbiri msanga, koma imadzaza mwaye wonata mpaka mota kulephera kukoka. Kumapeto kuli kapaipi kamabowo kogwidwa ndi kabawuti kamodzi, kamasololeka. Katentheni pamoto panja mpaka utsi uthe, kazizire, mukagogode ndi kukapala. Palaninso bowo la utsi pa silinda ndi kathabwa kolimba, pisitoni itatseka bowolo kuti mwaye usagwere m'kati. Ekizozi yotere musanaiwotcherere iyambe yatenthedwa kuti oyilo wam'kati apse, apo ayi imayaka mmisiri ali pakati pa ntchito. Kutupa kwa paipi yake pakati ndi mbali ya kagwiridwe ka injini, ndiye kuidula kapena kuikapo ya mota wamba kumachotsa mphamvu.

Utsi wa mota uli ndi mpweya wakupha wosanunkha ndiponso wosaoneka. Ambiri timagoneka mota m'nyumba kuopa akuba, ndipo m'nyengo yozizira ena amailizira m'chipinda momwemo kuti itenthe, ana akugona kuseri kwa khoma. Itulutseni kaye panja. Poyesa ekizozi pagalaji, chitseko chikhale chotsegula ndipo kumapeto kwa sayilensa kuloze kunja.

Kachitsulo kotchinga mwendo pa sayilensa kabwezereni nthawi zonse. Timabawuti take timathothoka msanga ndipo ambiri amangokataya, koma amene amapsa ndi wokwera kumbuyo: mayi wotsikira kumanja atabereka mwana, kapena mwana wasukulu amene miyendo yake sifika popondera. Pakati pa kachitsuloko ndi sayilensa pazikhala mpata wa mpweya, mawashala ake akhalepo, ndipo timabawuti tomwe tataya mazinga tisinthidwe, osati kukawotcherera kogundana ndi sayilensa, chifukwa kakatero kamatentha chimodzimodzi. Uzani okwera azitsikira kumanzere. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, oyilo kapena dzira, osaphulitsa matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, layera m'kati, kapena wapsa ndi mwana, apite kuchipatala tsiku lomwelo.